Mpata Woyankhira

Foni ya Achemwali inali ndi mng'alu pagalasi, ndipo inkatentha m'thumba ngati ili ndi malungo, koma Kadziwotche sakanalola kuisinthanitsa ndi ina iliyonse. Munali mawu m'menemo.

Achemwali, mkulu wake, anamwalira chaka chatha, mayeso olowera ku yunivesite ali pakhomo. Anali munthu wa nzeru zachangu. Ataona kuti ntchito ya pashopu ya mayi awo, yochapa ndi kusita zovala za anthu, silola munthu kugwira buku, anapeza njira yawoyawo. Makasitomala akachepa ankawerenga mokweza mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, n'kumadzijambula mawu pafoni. Ntchito ikachuluka ankadzimvetsera, simbi ili m'manja. Ankawerenga funso, n'kutchula mayankho anayi osankhapo, kenako n'kukhala chete kuti womvetserayo aganize. Mpatawo ukatha ankatchula yankho, n'kuthirapo kachipongwe.

"Yankho ndi C. Ngati wasankha A, mwana wa mayi anga, dziwa kuti simbiyo ndiye mwamuna wako mpaka kalekale."

Ankadzinena okha. Koma chaka chino mayeso anali a Kadziwotche, ndiye chipongwecho chinkagwera iye, ndipo ankachilandira ndi manja awiri. Ngakhale dzinalo anamupatsa ndi Achemwali omwewo, ali kamwana, chifukwa sankakhulupirira kuti simbi yatentha mpaka ataigwira yekha.

Shopuyo inali kachipinda kopapatiza, kopanikizika pakati pa wokonza nsapato ndi wogulitsa mankhwala. Kumbuyo kunali makina ochapira amene akafika pofinya zovala ankanjenjemera n'kuyamba kuyenda okha kulunjika kukhomo, moti Mayi ankawatchinga ndi bondo osasiya kulankhula ndi kasitomala. Matebulo ositira analipo awiri. Lakukhomo linali la Mayi. Lakukona, pamene simenti inaterera ndi mapazi a munthu mmodzi, tsopano pankaima Kadziwotche, amene kale ntchito yake inali yopinda ndi kulongedza basi. Pamwamba, pachitsulo chochoka khoma kufika khoma, pankalendewera masuti ndi madiresi m'mapulasitiki, phewa ndi phewa, ngati anthu opanda mitu odikira kuitanidwa. Chitseko chikatseguka ankagwedezeka onse pamodzi.

"Dokotala wathu," makasitomala ankatero akamuona ndi mahedifoni m'makutu, milomo ikuyenda yokha. "Musatiwotchere kolala. Tidzavala tsiku lanu la digiri."

Mayi ankangoti ndi maphunziro a masiku ano amenewo. Foniyo anamupatsa maliro atatha, ataikulunga m'kansalu, ndipo sanafunsenso za iyo. Kadziwotche nayenso sanawauze zimene anapezamo.

Kunena zoona, si mafunso amene ankamvetsera kwambiri. Unali mpata uja. Achemwali akakhala chete, shopu ya chaka chatha inkalowa m'makutu mwake: simbi ikupuma nthunzi, makina akuvina, Mayi akukangana ndi munthu za batani limene, malinga ndi Mayi, linabwera lothothoka kale. M'zojambula zoyambirira munalibe china. Chapakati panayamba kumveka kakukonza pakhosi. Kenako chifuwa, chouma, chimene Achemwali ankachitsekera m'kamwa mpaka atamaliza kuwerenga funso. Kadziwotche ankadziwa pamene chifuwa chilichonse chili, monga mmene munthu amadziwira maenje a msewu wakwawo. Chojambula chomaliza sanachitsegulepo. Akachiyandikira ankabwerera koyambirira, kumene mkulu wakeyo anali asanadwale.

Kawiri pamlungu ankapita kwa Bambo Mphindi, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankakonzekeretsa ana mayesowa m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti. Dzinalo analipeza chifukwa kwa iwo nthawi zonse kunkakhala kutatsala mphindi, kaya ndi poyamba phunziro, kaya ndi pomwa tiyi. Mafunso apakamwa Kadziwotche ankawayankha aphunzitsiwo asanafike n'komwe kumapeto, mpaka anzake anayamba kumuyang'ana chammbali.

Loweruka lina Bambo Mphindi anatalikitsa mabenchi n'kuzungulira ndi beseni.

"Lero tichita zenizeni, ngati m'holo. Mafoni muno. Mawotchi muno. Amene wabisa agogo ake m'thumba awaike muno, adzawatenga potuluka."

Anthu anaseka. Kadziwotche anaika foni ija pamwamba pa anzake, mng'alu utayang'ana kumwamba, ndipo dzanja lake linachedwa kubwerera.

Funso loyamba ankalidziwa. Analiwerenga, n'kuwerenga mayankho anayi aja, kenako n'kudikira. Sanadziwe n'komwe kuti akudikira. Kungoti chete wa m'chipindamo sanali chete amene anazolowera. Munalibe simbi, munalibe makina, ndipo kumapeto kwake kunalibe munthu. Pensulo inaima pamwamba pa timazira ta papepala loyankhira, tija amati udetse kamodzi kokha pamzere uliwonse. Anadetsa C, n'kudikiranso kuti auzidwe. Palibe anamuuza. Anafufuta.

Kumbuyo kwake wina anatsokomola, chifuwa chouma, chotsekera m'kamwa. Anatembenuka mwadzidzidzi mpaka benchi inalira. Anali mnzawo wina wa chimfine, akupukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Kuyambira pamenepo zilembo zinkangoyandama. Fungo la penti linkakwera m'masitepe n'kumuzunguza mutu.

"Mapensulo pansi!"

Anzake akutsika, Bambo Mphindi anamukodola. Anakweza pepala lake kuwindo ngati akufuna kuona ngati mayankho abisala kuseri.

"Makina ochonga mapepalawa alibe chisoni, mwanawe. Sadziwa kuti ndiwe waulemu, sadziwa kuti umadzuka m'mamawa. Amawerenga timazira todetsedwa basi. Nanga ichi n'chiyani? Thireyi yonse yoyera mbuu."

Kadziwotche anayang'ana nsapato zake.

"Mafunsowa umawadziwa. Dzana lomweli umandilanda mawu m'kamwa. Lero watani?"

"Ndimadikira, aphunzitsi."

"Kudikira chiyani, sitima?"

"Amene amandiuza ngati ndakhoza."

Bambo Mphindi anatsitsa pepala. Anayang'ana m'beseni, mmene munatsala foni imodzi yokha, ndipo zinkaoneka kuti mng'aluwo auzindikira. Kenako anayang'ana benchi ya pawindo, ya Achemwali chaka chatha, imene Kadziwotche sankakhalapo ngakhale malo atasowa.

"Kunja kuno amati mutu umodzi susenza denga," anatero, mawu atatsika. "M'holo muja umasenza. Ndiye lamulo lake, sindinaliike ndine. Ukalowa mmene ulilimu, utulukamo ndi pepala loyera, ndipo udikira chaka china ukusita malaya a eni ake. Ukundimva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Anamvadi. Koma asanafike pansi pa masitepe, mahedifoni anali kale m'makutu.

"Funso lotsatira," anatero Achemwali, ndipo mtima wa Kadziwotche unakhala m'malo. Anachita manyazi ndi mmene unakhalira msanga.

Lolemba masana kunatentha. Magalasi a shopu anachita nthunzi, ndipo panali mulu wa nsalu za pamatebulo a kuhotela zofunika madzulo omwewo. Kadziwotche ankasita atabwerera m'chizolowezi chake, kuyankha chamumtima, kudikira, kutukwanidwa. Sanaone kuti waya wa mahedifoni wagwera pansalu. Anangomva fungo la pulasitiki. Anakoka mwadzidzidzi, waya unazuka, ndipo foni yokalambayo, m'malo moima, inangokhuthula mawu panja.

"Yankho ndi D, mbuli iwe. Kodi kusukulu unkapita kukaotha dzuwa?"

Mawuwo anadzaza kachipinda konse. Mayi anali ataweramira thalauza ya munthu. Sanadzutse mutu. Anangouma pomwepo, dzanja lili pasimbi.

"Mayi, simbi."

Anaidzutsa, n'kuiimika pang'onopang'ono. Kadziwotche anali atafika kale pafoni.

"Usazimitse," anatero Mayi.

"Mayi, ndimafuna kukuuzani, kungoti..."

"Ndati usazimitse. Uike apa."

Anaiika pakauntala, pakati pa mabatani ndi mapini. Achemwali anawerenga funso lina, n'kukhala chete, ndipo m'mpatamo Mayi anamva mawu awo omwe a chaka chatha akuuza munthu kuti banga la mafuta si la iwo. Anakhala pandowa yovundikira, manja ali m'miyendo. Chitseko chinatseguka, masuti anagwedezeka, bambo wina analowa ndi jekete pamkono.

"Mubwere mawa," anatero Mayi osamuyang'ana. Bamboyo anaona nkhope ziwirizo, anaonanso foni, n'kutuluka chafutambuyo.

Zojambulazo zinkatsatana zokha. Kadziwotche anali atafika nazo kale patali, kumene chifuwa sichinkalolanso kutsekeredwa, ndipo nthawi iliyonse chikabwera mapewa a Mayi ankadumpha. Anadziwa kuti malire ake akuyandikira. Funso la makona atatu, funso la sitima ziwiri, kenako basi.

"Mayi, chotsatirachi sindinachimvepo. N'chomaliza."

Ndipo chinayamba.

Mawu anali osasa, koma ansangala, ngati a munthu amene wagona bwino.

"Tamvera, mwana wa mayi anga. Mpopi wina umadzaza thanki m'maola atatu. Wina, waulesi ngati Kadziwotche, umadzaza m'maola asanu ndi limodzi. Ukaitsegula yonse iwiri, thankiyo idzaza m'maola angati? A, limodzi ndi theka. B, awiri. C, anayi ndi theka. D, asanu ndi anayi. Ganiza."

Mpata unayamba. Simbi inapuma nthunzi. Kenako, chapatali, Mayi a chaka chatha anaitana.

"Iwe, tabwera undigwirire nsaluyi. Mng'ono wakoyu manja ake ndi athonje."

"Ndikubwera, Mayi."

Foni inamveka ikuikidwa patebulo, mapazi akukwekwereza masilipasi. Nsalu yaikulu inakupizidwa, phu, phu.

"Koka. Kodi sunadye?"

"Ndikukoka! Inuyo ndi amene mukundikokera kumsewu."

Achemwali anaseka, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa, chachitali, chosafuna kutha.

"Chifuwa chimenecho," anatero Mayi a m'foni. "Umwe madzi otentha. Gwira kona iyo."

Mayi a pandowa anaika dzanja pakamwa.

Kenako Kadziwotche anamva mawu amene sanawazindikire msanga, opyapyala, onyinyirika. "Ine ndiye ndapinda zonsezi ndekha, wina akungocheza ndi foni." Anali iyeyo. Tsiku limenelo sankalikumbukira n'komwe. Linali tsiku wamba.

Chojambulacho chinapitirira chokha, palibe wokumbuka kuchizimitsa. Nsalu zinkakupizidwa, mapazi ankayandikizana n'kutalikirana, makina ankavina. Kadziwotche anaima ndi mutu wopendekeka, kudikira masilipasi aja kuti abwerere kutebulo. Sanabwerere. Mawu anangoduka pakati pa nsalu ina, ndipo m'shopu munati zii.

Ndi Mayi amene anayamba kulankhula.

"Ndiye n'chiyani?"

"Chiyani, Mayi?"

"Yankho. Mwana wafunsa funso."

Kadziwotche anayang'ana foni. Inali itathima galasi. Anatenga choko chimene ankalembera zizindikiro m'kati mwa makolala, n'kuyamba kulemba pansalu ya patebulo lake, pafupi ndi chipsera chakale cha simbi.

"B," anatero. "Maola awiri."

Ndipo anadzigwira akudikira, khutu lili tcheru kukauntala.

"Wakhoza?" anafunsa Mayi.

"Ndikuganiza choncho."

"Ukuganiza kapena ukudziwa? Ine usandiyang'ane, ine za mathanki ndimadziwa kutunga basi."

Anafufuta ndi chigongono n'kuyambiranso, ulendo uno podzera njira ina. Pa ola limodzi mpopi wachangu udzaza gawo limodzi mwa atatu, waulesi uja theka la zimenezo. Kuphatikiza, theka la thanki. Anayang'ana manambalawo mpaka atasiya kugwedezeka.

"Ndikudziwa."

Mawu ake anamveka achilendo, ngati a munthu wolankhula m'nyumba imene achotsamo katundu. Mayi anadzuka, anatenga foni ija, anapukuta mng'alu ndi chala chachikulu, n'kuilowetsa m'thumba la epuloni.

"Iwe uli ndi mayeso," anatero. "Malizitsa nsaluzo."

Masiku otsatira Kadziwotche ankakwera masitepe a Bambo Mphindi masana aliwonse, ngakhale tsiku lopanda kalasi, n'kukhala yekha ndi pepala. Poyamba zinali zowawa. Akadetsa kadzira ankamva ngati waponda sitepe imene palibe. Anaphunzira kudzichonga yekha, kubwereza funso podzera kwina, kulisiya likakana n'kudzalibwerera. Chipongwe chija chinkabwerabe m'mutu, koma mochedwa, iye atapita kale pafunso lina. Kenako chinayamba kujomba. Tsiku lina ali m'njira anayesa kukumbukira mmene Achemwali ankatchulira D, mokokera muja ngati akuitana galu, ndipo anangomva mawu ake omwe. Anaima pakati pa msewu mpaka wanjinga anamutukwana.

"Tsopano mazira apsa," anatero Bambo Mphindi atachonga pepala lake lomaliza. "Kumwetulira sikuletsedwa, ukudziwa?"

Anamwetulira kuti awasangalatse.

Kushopu, Mayi anali atagula mahedifoni awoawo kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu, ofiira ngati a mtsikana. Anasiya kukangana ndi makasitomala, ndipo makasitomala ena anadandaula nazo. Makina aja tsiku lina anayenda mpaka anadzizula kukhoma, Mayi ali pafupi pomwepo. Anawotcha kolala ya malaya oyera, chinthu chimene Kadziwotche sanachionepo chibadwire, ndipo mwini wake atakalipa anangomuuza kuti pepani. Mafunso analibe nawo ntchito. Kadziwotche anasuzumira pagalasi la foni n'kuona kuti amangobwereza chomaliza chija. Anafuna kunena kanthu, koma kanthu kake sanakapeze, ndiponso anali ndi mayeso.

Holo ya mayeso inali yaikulu, ya denga lalitali, madesiki ali pamizere ngati aikidwa ndi chingwe. Pakhomo mayi wina wa beji pachifuwa ankalandira mafoni.

"Yako ili kuti?"

"Ndilibe."

"Masiku ano?" Anamusecha m'matumba, n'kupezamo mapensulo ndi labala basi. "Lowa, mwana wa kale."

Atalamula kuti atembenuze mapepala, chete uja anabwera, yemweyo wopanda munthu kumapeto. Kadziwotche anamulola kuti akhale. Anawerenga funso loyamba, anawerengera m'mphepete mwa pepala, anadetsa kadzira, n'kupita palachiwiri. Chapakati wina anatsokomola kumbuyo. Ulendo uno maso ake sanachoke papepala. Panali mafunso amene sanawaonepo, ena anangowalota, limodzi analibwerera kawiri n'kusintha. Pamene ankati mapensulo pansi, mzere uliwonse unali ndi kadzira kake kakuda, mpaka pansi penipeni.

Kunja dzuwa linamuthobwa m'maso. Pageti makolo anali atapanikizana, aliyense akufunsa mwana wake kuti zinali bwanji, ana akuyankha ndi mapewa. Sankayembekezera aliyense, chifukwa linali tsiku la ntchito. Koma tsidya la msewu, pamthunzi wa khonde la sitolo, anaona epuloni imene ankaidziwa. Mayi anali atatseka shopu.

Anawoloka. Mayi anaima chilili, timawaya tofiira tikutsika m'makutu kulowa m'thumba, maso ali pageti koma osaona munthu. Manja anali atatambasuka pang'ono kutsogolo, zala zitatsina mphepo ngati zagwira makona a chinthu.

"Mayi."

Palibe.

"Mayi!"

Anachotsa kachomvera ka khutu limodzi, n'kumuyang'ana ngati munthu wodzutsidwa.

"Watha kale?"

"Ndatha. Ndayankha onse, Mayi. Mpaka lomaliza, ndekha."

"Wachita bwino, mwanangu." Anamugwira patsaya ndi dzanja lonunkhira sopo, ndipo kwa kanthawi anamuonadi. Kenako maso anabwerera kumene anali. "Tadikira pang'ono. Sitinamalize kupinda."

Anabwezeretsa kachomvera kaja m'khutu. Kadziwotche anaima pambali pawo, mapensulo ali m'manja, anthu akuwalambalala uku ndi uku, ndipo anadikira kuti amalize.